Chikwati chayandikira, nanga nyumba timanga pati?

Abale anga, chaka chino andisenzetsa udindo womwe sindidaupemphe. Ndine mlembi wa komiti yokonza ukwati wa mlongo wanga, mwana wa mayi anga aang'ono, kwathu kwa Nkhulambe m'boma la Phalombe. Atsibweni pondisankha sadafunse n'komwe maganizo anga. Adangondiponyera kope ndi bolopeni n'kunena kuti: "Iwe unapita ku yunivesite, uzilemba." Zoti ku yunivesiteko ndidachokako chaka chachiwiri chisanathe, m'manja mulibe pepala lililonse, kumudzi sawerengera. Bola adakuona ukukwera basi ndi sutikesi.

Kopelo ndakhala nalo miyezi inayi tsopano ndipo muli zonse: nkhuku zingati, mpunga wochuluka bwanji, ndani walonjeza mbuzi, ndani walonjeza kenako n'kuzimitsa foni. Koma muli tsamba limodzi lomwe lidakhala loyera mpaka sabata yatha. Pamwamba pake ndidalembapo liu limodzi lokha loti nyumba. Nkhani yanga lero ili pa tsamba limenelo.

Poyamba ndikuuzeni za eni ukwatiwo, poti pa misonkhano yathu timawaiwala kawirikawiri.

Mlongo wangayo amakanda ufa usiku, tambala woyamba akalira n'kudzuka kukazinga mandasi. Dzuwa likamatuluka cha ku Mozambique uko amakhala atakhazika kale beseni lake pamsika. Masana ali kumunda kuyendera nandolo, ndipo Lachinayi lililonse sajomba ku banki m'khonde. Mlamu wanga ndi wakabaza wa njinga yamoto. Njingayo adakaigula ku Milange, tsidya la Muloza, ndipo tsiku lonse amangokhalira kuthamanga mumsewu wa pakati pa Chiringa ndi Muloza, ulendo uno wanyamula mayi wodwala, ulendo winawo matumba awiri a chimanga mwini wake atakhala pamwamba. Pofika madzulo nsidze zimakhala zitafiira ndi fumbi.

Amakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika dzuwa litapendeka. Musaganize za chikondi cha m'mafilimu ayi. Anthuwa amawerenga ndalama. Mlamu amapatula ya petulo wa mawa, yotsalayo n'kupereka kwa mkazi, yemwe amaiphatikiza ndi ya mandasi n'kumanga pa mfundo ya chitenje. Adagwirizana chomwechi okha, ati ndalama ikagona m'thumba mwa mwamuna imamera miyendo. Chapatali pang'ono pamakhala kamng'ono kathu ka mu Sitandade 6 komwe mayi aang'ono amakatuma kuti kaziperekeza mlongo wake. Kapolisi kameneka kamalandira ziphuphu poyera: mandasi awiri, ndipo kamayang'ana kuphiri mpaka anthu atamaliza kucheza.

Ulemu wa kwa apongozi mlamuyu ali nao mopitiriza. Akangowaona mayi aang'ono akubwera panjira amakhotetsa njinga kulowa m'munda mwa eni. Tsiku lina adagwera nayo m'ngalande, pasinjala ali kumbuyo.

Chinkhoswe tidachita mu Juni. Ankhoswe adasinthana tambala ndi thadzi, mwamuna adalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi lichero, mthiko ndi chipande. Thobwa lidalipo, kalongonda adalipo, anthu adavina mpaka mdima. Kunena zoona, pamenepo ukwati udatha kumangidwa. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo chimodzimodzi ndi wa kutchalitchi kapena wa kwa DC, palibe woposa unzake. Koma mlongo wanga ndi wakwaya, ndipo kumpingo kwao munthu salowa m'nyumba ukwati usanadalitsidwe, akatero amuimika ku mgonero. Iye mwini akufunanso kuvala velo, ndipo ine sindimuweruza. Mwana yemwe wakhala akupsa ndi mafuta a mandasi zaka zonsezi ali ndi ufulu wofuna tsiku limodzi loti anthu aimirire iye akamalowa. Choncho tsiku lidaikidwa, Loweruka lina mu Okutobala, ndipo komiti idabadwa.

Inu amene mudakhalapo m'komiti ya ukwati mukudziwa m'mene zimakhalira. Ofika pamsonkhano ndi a kumudzi, koma olamula ali m'tauni ndipo amalankhulira pa WhatsApp. Ife tili ndi achemwali athu ena a ku Ndirande omwe adayamba ndi kutumiza chithunzi cha nsalu ya yunifolomu, kenako cha keke ya nsanjika zitatu, kenako nambala ya mnyamata wojambula kanema. Msuweni wathu wa ku Johannesburg adati ukwati wopanda holo ndi maliro, adzatumiza kenakake mwezi ukatha. Miyezi yatha itatu. Tidakhala Lamulungu lathunthu kukangana ngati operekeza akwati akhale asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, eni ake ali phee pamphasa ngati ana oitanidwa ku ofesi ya ahedi.

Mitengo ndimalemba ndi pensulo. Chichokereni pamene kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe wauzidwa lero umakhala wa lero lokha. Ukabwerera sabata yamawa mwini golosale amakuyang'ana ngati ukumunamizira.

Ndikadandaula, yankho la komiti limakhala limodzi: zidzabwerera pa perekaniperekani. Apa ndiye timanamizana, abale. Ndalama yoponyedwa m'lichero si mphatso yeniyeni, ndi ngongole yopanda kalata. Aliyense wovina ndi K500 m'manja akukumbukira kuti mwana wake adzakwatiwanso, ndipo adzayang'ana ngati mwabwera. Komanso amene adzavine kwa Nkhulambe ndi anthu omwewa timagula nao mchere wa pakapu, omwe ndalama yao ikudikira nandolo. Kuwerengera ndalama ya holo pa matumba a anthu amenewa n'kudzinamiza masana dzuwa likuswa mtengo.

Koma zonsezi n'zazing'ono. Nkhani yeniyeni ndidaitulukira mwangozi, nditafunsa mlamu kuti njerwa zili pati. Mwamuna wotomera kwathu kuno amaumba njerwa m'chilimwe, kuotcha, kumanga, kuti mvula yoyamba impeze m'nyumba yakeyake. Julayi adali atadutsa koma mlamu adali asanaponde dothi ngakhale chikombole chimodzi. Adandiyankha moyang'ana pansi kuti: "Alamu, njerwa amaumbira pomwe akumanga. Ine ndiumbire pati?"

Kwa inu a kutali, ndifotokoze. Kwathu kuno, monga madera ambiri a Alomwe ndi Amang'anja, ukwati ndi wa chikamwini. Mwamuna amasiya kwao n'kukamanga kwa mkazi. Malo amayenda m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo oyang'anira ndi atsibweni. Anthu a m'tauni amakonda kuuseka mwambowu koma uli ndi nzeru zake. Banja likatha mkazi sasowa kolowera, munda umakhala wake, ana sachoka pakhomo pomwe adabadwira. M'dera lomwe minda ndi tizigamba ngati kuno, chimenecho si chinthu chochepa.

Tsono malo omwe mwambo ukuloza kuti mlamu amangepo ndi kuseri kwa nyumba ya mayi aang'ono, kumunsi, kufupi ndi khwawa. Ndipo pamalo pamenepo mpomwe padadutsa madzi mu Malichi 2023.

Namondwe wa Freddy aliyense adamumva. Anthu oposa 1,000 m'dziko muno adafa kapena kusowa osapezekanso. Kwa Nkhulambe, komwe kuli m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Mulanje chakum'mawa, madzi adatsika ndi miyala, mitengo ndi mchenga. Chipatala chathu chaching'ono chidaonongekeratu, milatho idaduka, ndipo kwa masiku angapo galimoto sinkafika. Nyumba ya mayi aang'ono idatsala khoma limodzi. Iwo, mlongo wangayu ndi kapolisi kaja adapulumukira pa kachitunda kena komwe kali munda wa anganga, n'kukhala miyezi ku kampu. Atabwerera adamanganso pomwepo. Adakapita kuti? Munda wao mpaka lero theka lake ndi mchenga, chimanga chimamera chachikasu n'kuima m'mawondo.

Akuluakulu amati Napolo akadutsa malo amadzabweranso. Ophunzira amati phiri likameteka mitengo, dothi lokhuta madzi silikhala ndi chogwira, ndipo madzi amatsata njira yomwe adakumba kale. Kaya mukhulupirira ziti, onsewo akuloza khwawa lomwelo. Ndipo aka sikadali koyamba m'dera lino. Mu Malichi 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidapha anthu mazanamazana.

Mlamu adali atanena kale kwa bwenzi lakelo kuti pamchenga paja samangapo, bola amutengere kwao, cha ku Chiringa, ukwati ukhale wa chitengwa. Mkangano wao ndidaumva ndekha tsiku lina nditakhala pa benchi ya okonza njinga, iwo ali pansi pa mango paja.

"Ndiye mukufuna amayi ndiwasiye okha m'khwawa muja?" adatero mlongo wanga. "Kwanuko ine ndikakhala mlendo. Mukadzatsogola inuyo, abale anu akadzati nyamuka, ndidzalowera kuti ndi ana?"

"Nanga ine kwanu ndine ndani?" adayankha mlamu. "Ndimange ya malata ndi thukuta langa, tsiku lina tidzasemphane mau, atsibweni anu adzandionetse msewu ndi bulangete langa paphewa. Zimenezo sitinazione? Komanso inu, madzi aja munawaiwala? Ine ndinanyamula mitembo."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo vuto lidali pomwepo. Akamwini othamangitsidwa chimanjamanja tikuwadziwa maina. Amayi amasiye olandidwa katundu tikuwadziwanso, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidati kulanda koteroko ndi mlandu. Lamulo lili m'buku, koma mayi wamasiye wa kumudzi amayamba waganiza za ndalama ya kabaza yopitira kukhoti.

Adakhala masiku atatu osalankhulana. Ndalama ya mandasi idagona payokha, ya kabaza payokha. Kapolisi kaja kadabwera kwa ine kudzadandaula kuti ntchito yatha.

Pamsonkhano wotsatira, titamaliza kukambirana mtundu wa maluwa a pagalimoto, ndidakweza mkono pa zina ndi zina n'kufunsa kuti anthuwa akachoka kuholo akagona kuti. Padangoti zii. Kenako atsibweni adati: "Zimenezo si za komiti." Sadalakwe. Si za komiti, ndi za ankhoswe. Koma ankhoswe athu masiku ano tidawasandutsa anthu ogwira nkhuku pa chithunzi. Kale nkhoswe ankayamba kufunsa kuti mnyamata alima pati, amanga pati, akadwala adziwitsa yani. Lero amafunsa kuti suti yake asoka ndani. Ngakhale alangizi, a kumudzi ndi a kumpingo omwe, amatha usiku wonse kuphunzitsa mtsikana kutentha madzi osamba ndi zina zija sitilemba m'nyuzipepala, koma za malo, za ngongole, za mwini nyumba, ndi nkhani yomwe aliyense amaizemba ngati m'mene mlamu amazembera apongozi panjira.

Ine ndemwe sindili woyera pa nkhaniyi. Atsibweni akadzapita, mbumba imeneyi idzakhala m'manja mwanga. Mumtima ndinkafuna mlongo wanga akhale pakhomo, chifukwa iye akachoka, wosamala mayi aang'ono adzakhala ndani, ine ndili ku Blantyre kusaka nkhani zogulitsa? Ndinkafuna mlamu amange pamchenga kuti ine ndizigona tulo m'tauni. Ndidazindikira zimenezi usiku wina ndikuwerengera nkhuku m'kope, ndipo manyazi adandigwira.

Yemwe adamasula mfundo ndi anganga, omwe pa misonkhano yonseyi ankangokhala pakhonde kusenda nandolo ngati sakumva. Mlongo wao, yemwe adakakwatira cha ku Phalombe, adapita ndi madzi a 1991 ndipo manda ake palibe. Lamulungu lapitalo adaitanitsa ankhoswe a mbali zonse, ana awiriwo, ndi ine ndi kope langa.

"Mwambo ukuti mwamuna amange pa malo a mbumba," adatero. "Sunati amange m'madzi. Kachitunda kaja munathawirako ndi ka yani? Si kanga? Akamange kumeneko. Mayi wakeyu mvula ikakula azikagona komweko."

Musaganize kuti anthu adaomba m'manja. Munda wa pachitundawo ndi womwe umadyetsa anganga, ndipo mayi ena aang'ono ankauyembekezera kuti udzakhala wa ana awo aakazi. Adadzuka n'kuchoka osatsazika, ndipo mpaka lero moni akuyankha ndi mphuno. Malo sapatsidwa kwa wina popanda wina kumanidwa. Nkhani imeneyo idzatipeza m'tsogolo, mwinanso pamaliro.

Mantha a mlamu adali asanathe, ndipo nkhoswe wake, bambo wofatsa wosoka nsapato, adawatchula mosapsatira. Apa mlongo wanga, yemwe miyezi yonseyi sadatsegule pakamwa pamaso pa akuluakulu, adapempha kulankhula.

"Achimwene alembe," adatero. "Malo ndi a mbumba, nyumba ndi ya tonse awiri. Ndalama ya malata tikusonkha tonse. Zikadzavuta, Mulungu asalole, adzawerengere malata, zitseko ndi njerwa, aliyense adzatenge gawo lake. Asadzachoke ndi bulangete lokha."

Atsibweni adakwiya. Ati kuyambira liti anthu kukamba zosiyana ukwati usanalowe n'kutchalitchi komwe, kumeneko n'kuitana tsoka. Anganga adangoti: "Tsoka linabwera kale osaitanidwa. Lemba, iwe." Ndidalemba pa tsamba loyera lija. Ankhoswe awiri adasaina, anganga adadinda chala, ndipo Lachiwiri tidakaonetsa kwa anyakwawa, omwe adawerenga kawiri n'kupempha kuti tiwakopere lao.

Pepala la m'kope si chikalata cha boma, ndikudziwa. Loya akhoza kuliseka. Koma m'mudzi chomwe chimagwira ntchito ndi mboni, ndipo tsopano pali anthu asanu ndi awiri omwe sangadzanene kuti sadamve.

Zotsatira zake zidagwera komiti. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza ikufuna malata 22, ndipo ndalama yake ndi yomwe ija tinkasungira holo. Choncho holo yagwa, madyerero adzachitikira pabwalo la anganga pansi pa mitengo, tidzamanga chisakasa. Wakanema wagwa, tidzajambula ndi mafoni. Keke yatsika kuchoka pa nsanjika zitatu kufika pa imodzi. Velo yokha mlongo wanga wakana kuti isakhudzidwe, ndipo palibe adatsutsa. Achemwali a ku Ndirande adalemba kuti tawachititsa manyazi kwa anzao omwe adawaitana kale, n'kutuluka pagulu la WhatsApp. Adabwereranso patatha masiku awiri kudzakumbutsa kuti nsalu ya yunifolomu njosasintha.

Pansi pa mango paja anthu ayambanso kuwerenga ndalama, ndipo kapolisi kabwerera pantchito. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mlamu amaimika njinga 3 koloko n'kupita kuchitunda kukaponda dothi, mlongo wanga ndi anzake a kwaya akutunga madzi. Dzulo ndidawapeza akukangana za komwe khomo liyang'ane. Mkazi akufuna liyang'ane kumsewu kuti adzaikepo kabenchi ka mandasi, mwamuna akufuna liyang'ane kuphiri, ati azidzaona madzi akamabwera.

Chikundidetsa nkhawa ndi nkhuni. Uvuni wa njerwa umadya mitengo, ndipo mitengo yake ndi yomwe ija tikuti ikatha phiri limatsika. Boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi zamalonda mu 2018, koma wakabaza womanga kanyumba kake sangaufike mtengo wa mabuloko a simenti. Anganga alola kuti tidule mango awiri okalamba a m'malire mwa munda, ndipo ine ndalonjeza mbande khumi. Ndalemba m'kope kuti ndisadzakane.

Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Malata alipo 14, enawo akudikira nandolo, ndipo mtengo wa nandolo chaka chino aliyense akunena zake. Mwini holo wakana kubweza ndalama ya chikole yomwe tidapereka mu Julayi, ati tidamutsekera makasitomala ena. Atsibweni andituma kuti ndipiteko Lachisanu ndikalankhule naye Chingerezi.